Jey Uso sanagwe kumwamba ayi: yankho kwa achimwene amene ananditumizira imelo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amawerenga zomwe ndimalemba pano za wrestling. Akuti iwo anayamba kuonera WWE posachedwapa pa DStv, ndiye anadabwa kuona Jey Uso atawina Royal Rumble ya 2025, ndewu ya anthu ambiri yoponyana kunja kwa ring'i mpaka atatsala mmodzi, kenako nkulanda lamba wa World Heavyweight kwa Gunther, pomwe mnzawo amawauza kuti mkuluyu moyo wake onse wakhala wa tag team basi. Funso lawo linali ili: "Kodi munthu wa tag team si uja walephera kuima payekha? Nanga ameneyu amutenga kuti?"

Achimwene, zikomo polemba, koma pamenepo ndikukutsutsani ndithu, ndipo mundipilire chifukwa ndilemba zambiri, nkhaniyi imandikhudza.

Tiyambe ndi munthuyo. Dzina lake lenileni ndi Joshua Fatu, anabadwa pa 22 August 1985 ku San Francisco, ndi mapasa ndi Jonathan amene timamudziwa kuti Jimmy Uso. Bambo awo ndi Rikishi, chimunthu chija cha tsitsi loyera chomwe chinkavina mu ring'i zaka za m'ma 2000, amene tinakulira m'ma video show tikuchikumbukira bwino. Ndi a mtundu wa ku Samoa, banja la Anoa'i, ndipo mawu oti uso m'chilankhulo chawo amatanthauza m'bale. Umaga anali bambo awo aang'ono, Solo Sikoa ndi mng'ono wawo. Roman Reigns amangomutchula kuti cousin pa TV koma mukatsata bwino chibale chake, Roman ndi mwana wa Sika, ndipo Sikayo ndi malume ake a Rikishi, ndiye kuti Roman ndi msuweni wa bambo awo, kungoti anabadwa chaka chimodzi ndi mapasawa ndipo anakulira limodzi ku Pensacola, Florida, kusewera limodzi mpira waku America uja wovala zipewa zachitsulo.

Mwina mukuganiza kuti poti bambo anali otchuka ndiye njira inali yosalala. Ayi. Mpira utakanika anyamatawa ankagwira ntchito yonyamula ndi kulumikiza mipando ndi matebulo a m'maofesi, ndipo iwo eni amanena kuti ndi Umaga amene anawatenga nkuwauza kuti bwerani muyambe wrestling. Chomvetsa chisoni nchoti Umaga anamwalira mu December 2009, osawaona ana akewo akulowa pa Raw, imodzi mwa mapulogalamu a WWE a sabata ndi sabata, zomwe zinachitika mu May 2010 pamene anatulukira limodzi ndi Tamina nkumenya a Hart Dynasty.

Tsopano ndisanapitirire ndikufuna mumvetse kuti tag team ndi chani kwenikweni, chifukwa apa ndi pamene funso lanu lapotokera. Tonse tikudziwa kuti amene awine amakhala atakonza kale akuluakulu a kampani, izi sizobisa. Ntchito ya wrestler ndiyoti inu amene mwakhala pa mpando muiwale zimenezo, mtima uzigunda. Ndiye mu tag team muli anthu anayi, awiri mkati awiri panja atagwira kachingwe ka pakona, olowa ayenera kugundidwa dzanja ndi mnzake refa akuona, ndipo akasinthana refa amawerenga mpaka 5 kuti winayo atuluke. Malamulo ndi omwewo basi, koma onani mmene amawagwiritsira ntchito. Timu yoipa imagwira mmodzi wa timu yokondedwa nkumutsekera ku kona kwawo, kumumenya mosinthanasinthana, iye akukwawa kufuna kufikira dzanja la mnzake, atatsala pang'ono kwambiri amamukoka mwendo, kenako amagunda dzanja koma refa anali atayang'ana kumbali ndiye akuti sanaone, anthu mu holo kukuwa mokwiya, mphindi 5, mphindi 8 zikudutsa, mpaka pomaliza penipeni akadumpha nkugunda dzanja lija holo yonse imaphulika. Chimenecho amachitcha hot tag. Kuti chiphulike chonchi pamafunika munthu odziwa kumenyedwa, odziwa kuonetsa ululu pankhope ndi m'thupi mpaka iwe oonera umve chisoni, komanso odziwa nthawi, osafulumira osachedwa. Zimenezi si za munthu olephera achimwene. Ndi luso, ndipo ena otchuka amene amamenya okha sangalikwanitse.

Jey ndi Jimmy anachita zimenezi usiku ndi usiku kwa zaka zoposa 10. Poyamba sizinkayenda, ankangoluza, mpaka anayamba kulowa akuvina Siva Tau, gule wankhondo wakwawo ku Samoa, nkumapaka penti kumaso, ana anayamba kuwakonda. Lamba wawo oyamba anatenga pa 3 March 2014 atagonjetsa New Age Outlaws, patatha pafupifupi zaka 4 chilowereni. Mu 2015 Jey anavulala phewa nkukhala panja miyezi ingapo.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi nkhani ya WrestleMania, chionetsero chachikulu kwambiri cha WWE cha chaka ndi chaka. Chaka ndi chaka anyamatawa ankaikidwa pa pre-show, ndewu zija zimachitika anthu akadali pa mzere kugula zakudya, mipando theka ilibe anthu. Mu 2017 anali ndi malamba a SmackDown, pulogalamu ina ya WWE ya sabata ndi sabata, m'manja koma anangowaponya mu battle royal, ndewu ya chigulu, ya pre-show ngati anthu wamba. Anadzalowa pa pulogalamu yeniyeni ya WrestleMania koyamba mu 2018, zaka 8 akugwira ntchito. Ndiye pamene mukuti tag team ndi ya olephera, ine ndikuti kampani ndi imene inkaipeputsa tag team, osati kuti anthuwo analibe luso.

Pakati pamenepo, mu 2016, anasintha. Anasiya penti, anasiya zovala zowala, anayamba kuvala ngati anyamata a mu ghetto ndi kuyankhula mmene amayankhulira kwawo, mwaukali, kulandizana mawu ngati munthu mmodzi. Ndewu zawo ndi New Day mu 2017 ndi zimene zinatsegula anthu maso, makamaka ya mu Hell in a Cell, chikhola chachitsulo chotsekera ring'i, mu October chaka chimenecho. Ngati muli ndi bandulo yokwanira ifufuzeni imeneyo muione, kenako mubwerenso mudzandiuze ngati amene aja ndi anthu olephera.

Vuto lina limene Jey anali nalo, limene ngakhale a tag team anzake sakumana nalo, ndi loti ndi mapasa ofanana kwambiri. Anthu sankadziwa kuti Jimmy ndi uti Jey ndi uti, ngakhale ife okonda masewerawa tinkangoti ma Uso. Iye mwini anadzanena pa TV mu 2020 kuti anthu akamuona amamufunsa kuti kodi iwe ndiwe uti. Taganizani, zaka 10 ukugwa pa msana, ukuyenda mizinda ndi mizinda kusiya ana kunyumba, koma dzina lako anthu salidziwa.

Mwayi wake unabwera kudzera m'tsoka la m'bale wake. Jimmy anavulala bondo pa WrestleMania ya 2020, nthawi ya Covid ija ndewu zikuchitika mopanda anthu, Jey nkutsala yekha. Roman Reigns atabwerera ngati Tribal Chief, kutanthauza mfumu ya banja lawo, anafunika munthu oti amuzunze kuti anthu amuone kuipa mtima kwake, ndipo panalibe oposa m'bale wake amene anakula naye. Pa Clash of Champions mu September 2020 Roman anamumenya Jey mopanda chisoni akumukakamiza kuti amuvomereze ngati mfumu ya banja, Jey osavomera, mpaka Jimmy anabwera akutsimphina nkuponya thaulo mu ring'i. Mwezi otsatira mu Hell in a Cell, ndewu yoti wina anene yekha kuti ndagonja, Jey anapilira zonse, koma Roman atagwira Jimmy ovulalayo pakhosi, Jey ananena mawu aja kuti apulumutse m'bale wake.

Onani bwino pamenepa achimwene. Chimene chinapangitsa ndewu ziwirizi kukhala zosaiwalika si ma superkick, mateche aja a kumaso, ayi. Ndi nkhope ya Jey, kunjenjemera kwake, kukwawa kwake, munthu omenyedwa amene sakufuna kugonja. Ndi ntchito yomwe ija ya pakona ya tag team, kungoti ulendo uno panalibe dzanja loti akaligunde. Anaiphunzira kuti? Mu zaka 10 zomwe mnzanuyo akuzinyoza zija.

Kenako Jimmy atachira anabwereranso ku tag team, mkati mwa Bloodline, gulu la pachibale lotsogoleredwa ndi Roman, nkupanga mbiri. Anatenga malamba a SmackDown mu July 2021 kwa Rey Mysterio ndi mwana wake Dominik, mu May 2022 anaphatikiza ndi a Raw atagonjetsa Randy Orton ndi Riddle, ndipo anakhala nawo masiku 622, palibe timu ina ya amuna mu WWE imene inasunga malamba nthawi yaitali choncho. Anadzaluza pa 1 April 2023 kwa Kevin Owens ndi Sami Zayn, koma ndewu imeneyo ndi imene inatseka usiku oyamba wa WrestleMania 39. Anthu omwe aja a pre-show. Ine tsiku limenelo ndinasangalala ngakhale analuza, chifukwa ndinkakumbukira komwe achokera.

Mu July 2023 ku London, pa Money in the Bank, Jey anamugoneka Roman refa nkuwerenga mpaka 3, chinthu chimene chinali chisanachitike kuyambira December 2019, ndipo dziwani kuti inali ndewu ya tag team imeneyo. Mwezi otsatira pa SummerSlam Jimmy anamupereka, Jey anasamukira ku Raw, ndi pomwe Yeet, mawu amene iye ndi anthu amakuwa, inafalikira, holo yonse kukweza manja mmwamba ndi kutsitsa iye akutsika kudutsa pakati pa anthu. Mu September 2024 anatenga lamba wa Intercontinental kwa Bron Breakker, lamba wake oyamba wa payekha patatha zaka 14.

Sindikubisirani, pali zomwe otsutsa amanena zomwe ndi zoona. Ndewu yake ndi Jimmy pa WrestleMania ya 2024 inakhumudwitsa anthu ambiri, inenso inandikhumudwitsa, ma superkick anachuluka zedi nkhani osamveka. Akamamenya yekha nthawi zina amabwereza zinthu zomwezomwezo, ndipo ndikuganiza kuti chifukwa chake nchoti mu tag team umakhala ndi mnzako okupumitsa komanso odzaza mipata, pomwe ukakhala wekha mphindi 20 zonse ndi zako. Lamba wa World Heavyweight uja anangokhala nawo masiku 51, Gunther anaulandanso mu June 2025. Amene amati Gunther amamuposa pa luso la mu ring'i sindikangana nawo. Koma kunena kuti Jey sanayenere kufika pamenepo, ayi, pamenepo ndiye ndimakana, chifukwa anthu olipira matikiti ndi amene anamukweza, kampani inangotsatira phokoso.

Ndipo ngakhale nkhani ya lamba ameneyo inadutsanso mwa m'bale wake. Atawina Royal Rumble pa 1 February 2025 potulutsa John Cena pomaliza, anthu ambiri ankakayika ngati angathane ndi Gunther, poti Gunther anali atamugonjetsapo kangapo. Kutatsala masabata ochepa, pa Raw ya ku London, Gunther anamangirira Jey ku chingwe cha ring'i nkumenya Jimmy mpaka magazi, Jey akuona, akukoka dzanja osatha kumufikira. Chithunzi chomwe chija cha pakona, kungoti ulendo uno iye ndiye anali panja. Pa 19 April ku Las Vegas, pa WrestleMania, Jey anamugwira Gunther pakhosi ndi sleeper, njira yomwe Gunther yemweyo amagonjetsera anzake, Gunther nkugogoda pansi kuti wagonja, ndipo Jimmy analowa mu ring'i kudzamukumbatira.

Mnzanu uja mumuonetse ndewu zitatu izi motsatana, ya New Day mu Hell in a Cell ya 2017, ya Roman pa Clash of Champions ya 2020, ndi ya Owens ndi Zayn ya 2023. Muzimuyang'ana Jey nthawi imene akumenyedwa, osati imene akumenya. Mukatha mundilembere, ndikufunanso tidzakambe za Jimmy, chifukwa iyeyo nkhani yake anthu sakuikamba mokwanira.