Abwana andilemba kuti ndine "phlegmatic": andinyoza kodi?

FUNSO: Ndine namwino ndipo ndikufunsira ntchito kwina. M'kalata yondichitira umboni, abwana anga alemba kuti ndine "phlegmatic". Nditatsegula dikishonale ndapeza kuti "phlegm" ndi makhololo. Kalatayi ndiitumize, kapena andinyoza? Mayi wodandaula.

YANKHO: Amayi, mtima m'malo, itumizeni. Munthu "phlegmatic" ndi wodekha, wougwira mtima, uja amene zinthu zikavuta sanjenjemera. Wodwala akukha magazi, achibale akulira pakhomo, iye akumanga bala bwinobwino, mawu osakweza. Pa ntchito yanuyo, ine ndikuona kuti abwana akuyamikirani.

Za makhololozo simunalakwitse, mawu awiriwa ndi pachibale. Asing'anga a ku Greece, kuyambira nthawi ya sing'anga wotchuka Hippocrates cha m'ma 400 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti m'thupi muli timadzi tinayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Sing'anga wina, Galen, amene anabadwa m'chaka cha 129 Yesu atabadwa, anakuza chiphunzitsochi, ndipo anthu anadzakhulupirira kuti kamadzi kamene kachuluka ndi kamene kamaumba khalidwe. Wochuluka magazi ankamuti "sanguine", wansangala. Wa ndulu yachikasu, "choleric", wamtima wapachala. Wa ndulu yakuda, "melancholic", wokhala ndwii. Makhololo ankati ndi ozizira, ndiye mwini wake sapsa mtima msanga. Madokotala anazitaya kalekale zimenezi, koma mawuwo anatsalira m'Chingerezi.

Komabe ndisakubisireni, mawuwa ali ndi kambali kena. Nthawi zina amanenera munthu wozizira, wosatekeseka ngakhale pofunika kuthamanga, kapena amene nkhani yabwino imam'peza nkhope ili chimodzimodzi. Choncho werenganinso chiganizo chonse. Ngati alemba "phlegmatic under pressure", kapena ayika pambali pa mawu onena kuti ndinu wodalirika, palibe chodetsa nkhawa. Ngati pafupi pali "slow", pitani mukawapemphe mwaulemu kuti alembe "calm" kapena "composed", amene alibe mbali yoipayo. Ineyo polembera munthu umboni ndimasankha "composed", chifukwa si onse olemba ntchito amene amawadziwa bwino mawu enawa.

Akakuitanani ku intaviyu mwina adzawatchula, ndiye khutu lizolowere. "Ph" wa Chingerezi si wathu uja wa mu "phala", amamveka ngati f. Nenani kuti fleg-MA-tik, kutsindika pa "ma". Chodabwitsa n'chakuti g ameneyu amamveka mu "phlegmatic", koma mu "phlegm" satchulidwa, amangoti flem.