Atachimenti kwa katswiri wotsatsa malonda pa intaneti: ndipirire kapena ndichoke?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Mufakose mu Harare, amene akuphunzira zamalonda pa yunivesite ina ndipo chaka chino ali pa atachimenti, nthawi imene wophunzira amakagwira ntchito pakampani kuti aiphunzire pochita. Iye anapeza malo kwa bambo wina wodziwika pa ntchito yotsatsa malonda pa intaneti, yemwe ali ndi kaofesi ku Eastlea ndi antchito awiri okha. Dandaulo lake ndi lakuti watha mwezi wathunthu akungokonza zithunzi pa pulogalamu ya Canva, kuyankha ndemanga za anthu pa Facebook ndi kutumidwa kukagula chakudya chamasana, pamene anzake amene anapita ku mabanki ndi ku makampani a mafoni akulandira kangachepe pakutha pa mwezi. Iye amangopatsidwa ya kombi basi. Akufunsa ngati apirire kapena ayambe kufunafuna malo ena nthawi isanathe, ndipo wandilola kuti ndimuyankhe poyera popanda kutchula dzina lake.

Achemwali, ine ndikuti musachoke panopa. Sindikunena zimenezi pofuna kukutonthozani, koma chifukwa chakuti chinthu chimene munapitira kumeneko simunachionebe, ndipo chili pafupi nanu kwambiri kuposa mmene chilili kwa anzanu aja. Pakampani yaikulu wophunzira amaikidwa m'dipatimenti imodzi, ndipo kawirikawiri ntchito yeniyeni yotsatsa pa intaneti imakhala kuti inaperekedwa ku kampani ina yapadera, moti munthu angathe kumaliza chaka asanaonepo kumene ndalama zotsatsira zimalowera. Inu mumakhala m'chipinda chimodzi ndi munthu amene amakambirana mtengo ndi kasitomala, amene amalipira Facebook ndi khadi lake, ndiponso amene amaimbiridwa foni malonda akapanda kuyenda.

Zithunzi zimene mukukonzazo ndi khungu chabe la ntchitoyi. Chimene anthu amalipirira katswiri ndi nzeru yodziwa ngati dola imene yalowa yabweretsa wogula kapena yangobweretsa phokoso, ndipo nzeru imeneyi imaoneka pokhapokha munthu akatsata ulendo wonse, kuchokera pa chithunzi mpaka pamene ndalama yafika m'manja mwa wogulitsa. Tiyerekeze kuti mmisiri wa masofa wa ku Glen View Area 8 wapereka madola 40 kuti mumutsatsire pa Facebook ndi batani lopita ku WhatsApp. Anthu 80 alemba uthenga, kutanthauza kuti uthenga uliwonse wadya masenti 50, koma pa onsewo wagula ndi mmodzi yekha. Sabata yotsatira mwaikanso madola 40 pa chithunzi china chimene chalembedwa mtengo wa sofa poyera, ndipo alemba ndi anthu 20 okha, aliyense wadya madola 2, koma atatu agula. Mukayang'ana mu Ads Manager, tsamba la Facebook loyendetsera zotsatsa ndi kuonerapo manambala ake, mudzaona ngati chotsatsa choyamba ndicho chapambana, chifukwa Facebook imawerenga mauthenga ndipo sidziwa amene anafika ku Glen View ndi ndalama m'thumba. Koma wogula mmodzi wa choyamba wadya madola 40, pamene wa chachiwiri wadya madola 13 ndi masenti pang'ono. Mtengo wolembedwa poyera uja unathamangitsa ongofunsa n'kusiya ofuna kugula. Abwana anu amadziwa zimenezi, ndipo n'zimene muyenera kutuluka nazo pamalopo.

N'chifukwa chake ntchito yoyankha anthu, imene mukuiona ngati yonyozeka, ine ndikanaipempha yochuluka. Kuno ku Harare malonda ambiri a pa intaneti samalizikira pa webusaiti ayi, amamalizikira pa WhatsApp, pakati pa munthu wolemba kuti "Imarii?" (m'Chishona, "Ndi zingati?") ndi munthu amene wagwira foni ya bizinesi. Pamenepo mpamene mudzamve ngati wogula akufuna kulipira ndi njira za pafoni monga EcoCash ndi InnBucks, ndi madola a m'manja kapena ndi ZiG, ndalama ya dziko lino, ndiponso mudzaona kuti funso la kalipiridwe ndi la kabweretsedwe ka katundu limagwetsa malonda ambiri kuposa mtundu wa chithunzi. Mudzaonanso kuti nthawi zina wolipira sali mu Zimbabwe n'komwe: ali ku Johannesburg kapena ku London, akugulira mayi ake a ku Chitungwiza, ndipo chimene akufuna kutsimikiza n'chakuti katunduyo akafikadi pakhomo. Munthu wotere amatsatsiridwa ndi mawu ena, pa maola ena. Tsegulani tsamba la Excel, ndipo pa uthenga uliwonse muzilemba tsiku, chotsatsa chimene chamubweretsa munthuyo, chimene wafunsa, nthawi imene yadutsa asanayankhidwe, ndi kumene nkhani yathera. Mu WhatsApp Business muli njira yoikira chizindikiro pa munthu aliyense, monga watsopano, woyembekezera kulipira kapena wolipira kale, ndipo maofesi ambiri ang'onoang'ono saigwiritsa ntchito mokwanira. Pakatha masabata atatu mudzakhala ndi pepala limene abwana anu angakonde kuliwerenga, ndipo pepala limenelo ndilo lidzakutsegulireni chitseko cha Ads Manager, osati kudandaula.

Kafunsidwe kake kamafunanso nzeru. Munthu wogwira ntchito pafupifupi yekha sakhala ndi nthawi yophunzitsa ngati m'kalasi, ndipo mukamuuza kuti "Abwana, ndiphunzitseni kutsatsa," adzakuyankhani kuti mawa, mawalo osafika. Muzisunga mafunso anu m'kabuku, kenako mupemphe mphindi 15 pa tsiku limodzi la sabata, mwina Lachisanu masana ntchito ikaphwa. Funso lanu lizionetsa kuti munali maso: "Abwana, ndaona kuti mwazimitsa chotsatsa cha Lachiwiri chija n'kusiya cha Lachinayi, chonsecho cha Lachiwiri chinali ndi anthu ambiri, munaonapo chiyani?" Funso lotere amisiri amalikonda, chifukwa likuwafunsa za luso lawo lenileni. Mudzamva zinthu zimene sizili m'manotsi, monga chifukwa chake sakhudza chotsatsa chatsopano masiku oyambirira ngakhale chikuoneka ngati chikugona. Makina a Meta, kampani ya Facebook ndi WhatsApp, amayamba aphunzira kaye kuti ndi anthu otani amene akuyankha, ndipo kusinthasintha chithunzi kapena ndalama pa nthawiyo kumawabwezera pachiyambi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ophunzira ambiri amalephera pamenepa chifukwa chofuna kusintha kanthu ola lililonse. Mukapita nawo kukakumana ndi kasitomala, mupemphe kuti muzilemba zokambirana, mukhale chete m'chipindamo, ndipo mafunso anu mukawafunse m'galimoto pobwerera.

Pofika mwezi wachitatu mupemphe kasitomala mmodzi wamng'ono kuti akhale wanu kuyambira pachiyambi mpaka pa lipoti, kaya ndi saluni, kaya ndi mayi wophika makeke, ngakhale ndalama yake yotsatsira itakhala madola 20 okha. Abwana aziona ntchitoyo musanaitulutse, koma kuganiza kukhale kwanu. Apa ndikuchenjezeni ndi zimene zinandigwera ine pamene ndinkayamba kumene pa ofesi ina mumzinda muno. Ndinapatsidwa madola 30 kuti akwanire sabata yonse, koma ndinawalemba pamalo a ndalama ya tsiku lililonse m'malo mwa ndalama ya nthawi yonse. Linali Lachisanu madzulo, ndipo pofika Lolemba m'mawa khadi la ofesi linali litadyedwa pafupifupi katatu kuposa zimene kasitomala anavomera. Ndinakanena ndekha abwana asanazione, ndipo ngakhale anakhumudwa, sanandilande ntchitoyo. Anandikhazika pansi n'kundionetsa mmene amaikira tsiku lothera ndi malire a ndalama pa akaunti. Kuyambira pamenepo sinditulutsa chotsatsa ndisanawerenge kawiri malo awiri amenewo, ndipo inunso mukadzalakwitsa, mudzanene tsiku lomwelo muli ndi manambala m'manja.

Kuti akupatseni zonsezi ayenera kukukhulupirirani, pakuti masamba ndi manambala a foni amene ali m'manja mwake ndi chuma cha anthu ena. Musavomere kugwiritsa ntchito mawu achinsinsi a abwana; mupemphe kuti akulowetseni ndi akaunti yanu mu Meta Business Suite, malo oyendetsera masamba a bizinesi, ndi chilolezo chochepa choyenera ntchito yanu, kuti chilichonse chimene chachitika chizidziwika kuti wachita ndani. Zimenezi zimatetezanso inuyo tsiku limene tsamba la kasitomala lidzabedwe. Manambala a ogula musawatengere ku foni yanu. Dziko lino lili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, limene linapatsa POTRAZ, bungwe loyang'anira za mafoni ndi za positi, udindo woyang'anira kasungidwe ka zinsinsi za anthu, ndipo chizolowezi cholowetsa anthu m'magulu a WhatsApp asanavomere si nkhani yamasewera. Ngakhale pa malonda penipeni chizolowezichi chimapweteka, chifukwa anthu akadandaula mochuluka WhatsApp imatseka nambala ya bizinesi, ndipo uthenga wa broadcast, wotumizidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi, umene umalola anthu 256 pa mndandanda umodzi, umangofika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Chiyeso china chidzabwera pamene kasitomala adzakukokereni pambali kuti muzimuchitira ntchito yomweyo pamtengo wotsika. Mudzakane, ngakhale ndalama ya kombi itakuthera.

Logbook ya ku yunivesite, buku lolembamo zimene mukuchita pa atachimenti, muzilemba sabata iliyonse, osadikira kuti aphunzitsi alengeze tsiku lodzakuyenderani, ndipo muzilembamo zimene munayesa ndi zimene zinatuluka, osati kungoti munakonza zithunzi. Pambali pake sungani zitsanzo za ntchito yanu, koma mupemphe chilolezo cha abwana musanazionetse kwina, ndipo maina a makasitomala ndi ndalama zawo muzibise ngati iwo sanavomere. Podzafunsira ntchito, munthu amene angafotokoze kuti anapatsidwa zingati, anasankha kutsatsira ayani, zinayenda bwanji ndipo anasintha chiyani, amamveka mosiyana ndi amene wangobweretsa zithunzi zokongola.

Musadabwe mukapeza kuti zina zimene munaphunzira m'kalasi zinasintha kale. Google inasiya Universal Analytics, pulogalamu yake yowerengera anthu olowa pa webusaiti, mu July 2023 n'kusamukira ku Google Analytics 4, koma manotsi ena akadali ndi zithunzi za yakaleyo. Maphunziro aulere a Google Skillshop ndi a Meta Blueprint angakuthandizeni kutseka mpata umenewu, ndipo popeza bandulo ndi yodula komanso magetsi kunyumba ndi osadalirika, mupemphe kuti muzifika msanga kapena kutsalira ola limodzi kuti mugwiritse ntchito intaneti ya mu ofesi. Satifiketi yake payokha siyolemera kwenikweni, koma imakupatsani mawu omvera zimene abwana akunena.

Mwalemba imelo yanu m'Chichewa chabwino, ndipo zimenezi zandikhudza. Ambiri mwa ife, ana ndi zidzukulu za amene anabwera kuchokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale, tinazolowera kusiya chilankhulochi pakhomo tikamapita kuntchito, ngakhale kuti malamulo a dziko a 2013 amachiwerengera pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Auzeni abwana anu kuti mumachidziwa. Pali eni mabasi odutsa ku Nyamapanda ndi ku Tete kupita ku Blantyre, pali onyamula katundu ndi ochita malonda odutsa malire, ndipo ogula awo ambiri amakhulupirira msanga munthu amene wawayankha m'chilankhulo cha kwawo. Mwina mu ofesi monsemo ndinu nokha amene mungalembe uthenga wotere.

Za ndalama sindikufuna kuzichepetsa, chifukwa ndikudziwa kuti kuchokera ku Mufakose kukafika ku Eastlea ndi makombi awiri, ndipo munthu sagwira ntchito ndi njala. Nthawi yabwino yopempha kuti akuwonjezereni ndi pamene mwapereka lipoti lanu loyamba looneka, ndipo mutchule chinthu chenicheni, monga chakudya chamasana kapena bandulo ya pamwezi, m'malo mongoti zinthu zavuta.

Komabe zilipo zifukwa zimene ndingakuuzireni kuti muchoke. Ngati pakutha pa mwezi wachitatu mwapempha mwaulemu, mwaonetsa pepala lanu lija, koma simunaloledwe ngakhale kuyang'ana manambala a chotsatsa chimodzi, ndiye kuti munthuyo akufuna wantchito waulere, osati wophunzira. Ngati akukutumani kugula otsatira abodza, kulemba maumboni onama a ogula amene kulibe, kapena kukongoletsa manambala a lipoti kuti kasitomala asadziwe zoona, mudzatuluka ndi zizolowezi zimene zidzakuwonongereni dzina. Ndipo ngati angayambe kukulankhulani kapena kukugwirani mosayenera, musadikire miyezi itatuyo; mukauze tsiku lomwelo amene amayang'anira za atachimenti ku yunivesite kwanu ndi wamkulu wina kunyumba. Pa zifukwa ziwiri zoyambazo, yambani mwalankhula ndi a ku yunivesite kuti miyezi imene mwagwira kale isatayike, dikirani kalata ya malo atsopano ikhale m'manja, kenako mukatsanzike kwa abwanawo pamaso, osati pa WhatsApp, chifukwa ochita ntchito imeneyi mu Harare ndi ochepa ndipo amadziwana.