Batire latupa: kodi la ceramic lingandithandize?

Funso: Ndinasinthitsa batire la foni yanga pamsika miyezi inayi yapitayo. Pano chivundikiro chakumbuyo chayamba kudzuka, ndipo foni imatentha ndikamatchaja. Wogulitsa wina akuti ali ndi batire la ceramic losapsa. Ndigule?

Yankho: Achimwene, batire limenelo latupa. Lekani kulitchaja lero lomwe. Mabatire otchipa opanda dzina amachita zomwezi, tchaja ya bodza n'kudzamalizitsa.

Musanataye ndalama, yesani izi. Ngati batire limachoka, liikeni patebulo la galasi kapena pathailosi losalala, mulizungulitse ndi chala. Labwino limagona mbali yonse ndipo limakana kuzungulira. Lotupa limakhala ndi kamimba pakati, ndiye limazungulira ngati nguli. Mulitembenuze, muyesenso mbali inayo, chifukwa ena amatupira kumodzi. Patebulo la matabwa okhota mudzanamizika. Ngati ndi lomatira mkati, ikani foni yonse chagada pagalasipo, musindikize ngodya imodzi pang'ono. Ikamagwedera chifukwa cha kamimba kakumbuyo kapena sikirini ikadzuka m'mphepete, nkhani yatha. Mununkhizenso: fungo lotsekemera ngati la mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo likutanthauza kuti madzi amkati akutuluka. Ndipo chonde, osaliboola ndi singano kuti mpweya utuluke. Anthu amapsa nazo manja zimenezo.

Za ceramic zija, pali choonadi. Mkati mwa batire la lithium muli kapepala kapulasitiki, separator, kopyapyala kuposa tsitsi, kolekanitsa mbali ya pozitivi ndi ya negetivi. Kopangidwa ndi pulasitiki wa polyethylene kamasungunuka pa madigiri 130 mpaka 135, ndipo kakafota mbali ziwirizo zimakhudzana, shoti, kenako moto. Nchifukwa chake makampani amakapaka ufa wa ceramic wotchedwa alumina kapena boehmite, wochokera ku mwala wa bauxite, mwala womwe ukupezekanso pa phiri la Mulanje. Alumina sasungunuka mpaka kupitirira madigiri 2,000, ndiye amagwira kapepalako kuti kasafote msanga. Akatswiri akuyesanso dongo monga halloysite ndi montmorillonite pa ntchito yomweyi.

Koma mawu akuti "losapsa" ndi bodza la malonda. Madzi amkati mwa batire amayaka ndithu. Foni ya Samsung Galaxy Note 7 inaitanidwa kuti ibwezedwe mu 2016 chifukwa mabatire ena ankachita shoti mkati, ena tizitsulo ta weludingi titaboola kapepala komweka. Komanso ufa umenewo simungauone ndi maso. Aliyense angadinde "ceramic" pakatoni.

Gulani batire la nambala yofanana ndi loyambalo kwa wogulitsa wopereka risiti ndi waranti, musinthe ndi tchaja yomwe. Lakalelo musalisunge m'thumba kapena pansi pa pilo. Liikeni m'chitini cha mchenga panja pamthunzi, kutali ndi ana, mpaka mutalipereka kwa okonza mafoni.