Sarah Siddons, mayi amene anatula kandulo kuti asambe m'manja

Aphunzitsi, mwafunsa kuti Sarah Siddons anali ndani, popeza dzina lake likupezeka paliponse mukamafufuza za Lady Macbeth, mkazi wa Macbeth m'sewero la Shakespeare lotchedwa Macbeth, komanso ngati pali chimene angatolepo mtsikana amene mwamupatsa mbali imeneyi m'gulu lanu la zisudzo. Chilipo, koma tiyambe ndi mmene anagwera, chifukwa luso lake linachokera pamenepo.

Siddons anali katswiri wa zisudzo. Anabadwa pa 5 July 1755 ku Brecon, m'dziko la Wales, ali mwana woyamba wa Roger Kemble, mtsogoleri wa gulu la zisudzo loyendayenda m'matauni. Banja lonse linali la pasiteji, ndipo mlongo wake John Philip Kemble anadzakhala katswiri wamkulu wa nthawi imeneyo. Mu 1773 anakwatiwa ndi William Siddons, mnzake wa m'gulu lomwelo.

David Garrick, amene ankayendetsa bwalo la zisudzo la Drury Lane ku London, anamva za iye n'kumuitana. Pa 29 December 1775 anakwera siteji ngati Portia m'sewero la The Merchant of Venice, ndipo zinamukanika. Zifukwa zake n'zodziwika bwino. Anali asanathe miyezi iwiri chibadwitsire mwana, thupi lisanabwerere m'malo mwake. Mantha anamugwira, mawu n'kumanjenjemera. Chachikulu, anazolowera tizipinda ta m'matauni momwe munthu wakumbuyo amamva ngakhale kunong'ona, ndiye m'chinyumba cha ku London mawu ake ankathera m'mizere yakutsogolo. Nyengo ya zisudzo itatha, kalata inamupeza yomuuza kuti asabwererenso.

Zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira anazithera ku Birmingham, Manchester, York, Liverpool, ndipo kuyambira 1778 ku Bath, komwe ankalandira mapaundi atatu pa sabata. Ntchito ya ku Bath inali yakalavulagaga. Tsiku lina ankayeserera m'mawa ku Bath, kukwera ngolo ya mahatchi mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kukasewera ku Bristol madzulo, n'kubwerera kuti mawa lake akasewerenso ku Bath. Masewero ankasinthasintha usiku ndi usiku, choncho mizere ankailoweza ana atagona. Kumeneko n'kumene mawu anakhwima, ndipo anazindikira kuti mphamvu yake ili m'masewero achisoni. Anthabwala sankamukhala, ngakhale atatchuka kale mbali ya Rosalind sinamuyendere.

Anabwerera ku Drury Lane pa 10 October 1782, m'mbali ya Isabella, mayi wovutika, atagwira dzanja mwana wake weniweni Henry wazaka 8. Anthu analira, ena mpaka kukomoka, ndipo kuyambira usiku umenewo London inali m'manja mwake. Joshua Reynolds anamujambula mu 1784, Thomas Gainsborough mu 1785.

Tsopano za kandulo, zomwe zikukukhudzani kwambiri. Anasewera Lady Macbeth koyamba ku London pa 2 February 1785. Kumayambiriro kwa gawo lachisanu, mayiyu amatuluka akuyenda kutulo, kandulo ali nayo m'manja. Hannah Pritchard, amene anatchuka ndi mbaliyi Siddons asanabwere, ankaigwira mpaka kutuluka, ndipo anthu ankaona ngati ndilo lamulo. Siddons anawerenga bwino mawu a dokotala ndi mayi womutumikira, amene amanena kuti akupikisa manja ngati akusamba, ndi kuti nthawi zina amatero kwa mphindi 15. Nanga munthu angasambe bwanji m'manja atanyamula moto? Anaganiza zotula kanduloyo. Richard Brinsley Sheridan, mkulu wa bwalolo, anamutsatira kuchipinda chovalira sewero litatsala pang'ono kuyamba, kumuchonderera kuti asasinthe zimene anthu anazolowera. Iye anakana. Anatula, n'kuyamba kupikisa manja onse awiri, maso ali tong'o osaona munthu, ndipo anthu anachita kakasi. Pambuyo pake Sheridan yemweyo anabwera kudzamuyamikira.

Ngati mutsatira njira imeneyi, konzeranitu zinthu zingapo. Ikani katebulo pafupi ndi pomwe mtsikanayo akulowera, masitepe atatu kapena anayi okha, kuti asaoneke ngati akufunafuna poika, chifukwa woyenda kutulo sasankha malo. Dokotala ndi wotumikira uja aime mbali inayo, chammbuyo pang'ono, apo ayi amamutchinga pamene manja akuyenera kuoneka. Gwirizananinso kuti atenge ndani kanduloyo potuluka. Zikaiwalika, imatsala ikuyaka asilikali akulowa m'chigawo chotsatira, ndipo ana asukulu aseka ndithu. Pomwe pali makatani kapena zovala zazitali, nyali ya mabatire ndiyo yabwino.

Vuto lina ndi mawu. Ambiri amaganiza kuti munthu wa kutulo ayenera kunong'ona, ndiye amagwa m'dzenje lomwe Siddons anagweramo mu 1775. Kunong'ona kwa pasiteji kumafuna mpweya wambiri kuposa kukuwa. Apume kuchokera m'mimba asanayambe mzere, atchule bwino malekezero a liwu lililonse, ndipo poyeserera muziimika munthu kumzere womalizira wa holo kuti azikweza dzanja akaphonya liwu. Musaiwale kuti holo yodzaza imameza mawu kuposa yopanda anthu.

Chizolowezi china cha Siddons n'chosavuta kutengera. Akamasewera Constance m'sewero la King John, ankasiya chitseko cha chipinda chovalira chotsegula kuti azimva zonse zochitika pasiteji, makamaka pamene adani akupangana zomulanda mwana wake ufumu. Ankalowa mtima utawawa kale. Mtsikana wanu asamacheze kuseri podikira nthawi yake.

Moyo wa Siddons sunali wongoomberedwa m'manja. Masiku amenewo wosewera ankapatsidwa usiku wake wapadera, ndalama zapakhomo n'kukhala zake atachotsa zolipirira nyumba, ndipo anzake ankamuthandiza posewera nawo. Mu 1784 kunamveka mphekesera yoti ku Dublin anaumira pothandiza anzake awiri pausiku wotere, ndipo atabwerera ku London anthu anamukuwiza pasiteji. Sheridan naye anali wovuta kulipira. Pa ana ake asanu ndi awiri, asanu anamwalira iye akali moyo, ndipo mu 1804 anapatukana ndi mwamuna wake. Nayo Drury Lane itamangidwanso mu 1794 inakula mpaka kulowa anthu pafupifupi 3,600. Kuunika kunali kwa makandulo ndi nyali zamafuta, moti wakumbuyo sankaona nkhope, ndipo zinamukakamiza kukulitsa mayendedwe a manja ndi thupi. Choncho mukaona zithunzi zake atatambasula mkono, musamuuze mwana kuti atengere zimenezo m'holo ya anthu 200, aoneka ngati akuchita nthabwala.

Mu 1803 anasamukira ku Covent Garden, bwalo lina la zisudzo ku London, pamodzi ndi John Philip. Anatsanzika kumeneko pa 29 June 1812, ali Lady Macbeth yemweyo, ndipo chigawo choyenda kutulo chitangotha anthu anakana kuti sewero lipitirire. Anamwalira pa 8 June 1831 ku London, n'kuikidwa ku Paddington, komwe chiboliboli chake chinaimikidwa mu 1897.