Makaseti a bandi yakale ya ku Mzuzu ndi oyenera kusungidwa

Mayi wina wa ku Chiputula anditumizira kalata pa imelo yonena kuti pokonza m'nyumba ya malemu amalume awo apeza makaseti a bandi ya nyimbo za rock imene amalumewo ankaimbamo gitala m'zaka za m'ma 1980. Akuti nyimbozo zinajambulidwa pa dansi, ng'oma zikuphimba mawu a woimba, anthu akukuwa, ndipo akufunsa ngati pali chifukwa chosungira zinthu zosamveka bwino chotero.

Mayi, makasetiwo musawataye, pakuti n'kutheka kuti palibenso kwina kumene mawu a bandi imeneyo anatsala. Masiku amenewo wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, imene inayamba mu 1964, ndipo oimba ofuna kujambula nyimbo zawo bwinobwino ankayenera kupita ku Blantyre. Wailesi yakanema inabwera mochedwa, mu 1999. Mabandi otchuka monga Kalimba ndi Makasu ankamveka pa wailesi, koma anyamata a kuno kumpoto, amene ankabwereka zokuzira mawu n'kumaimba m'maholo a sukulu ndi m'malo omwera mowa, ambiri analibe ndalama yoti akwezere ng'oma ndi magitala pa basi mpaka kummwera. Chimene chinawasungira mbiri ndi munthu amene anaika wailesi ya kaseti pafupi ndi sipika n'kudina batani lojambulira.

Ine ndimakonda zojambulidwa zoterezi kuposa za mu situdiyo, chifukwa zimaonetsa mmene bandi inkaimbiradi. Pa dansi nyimbo inkatalika malinga ndi mmene anthu akuvinira, wa gitala ankatayirira zala mpaka holo yonse kuimba likhweru, ndipo nyimbo yachizungu inkatha kutembenuka pakati n'kutenga kaimbidwe ka ng'oma zakwathu, mawu n'kulowa m'Chitumbuka. Kusakaniza kumeneku sikunali kwachilendo, pakuti ngakhale malemu Wambali Mkandawire wa ku Mlowe m'boma la Rumphi, amene anatisiya mu 2021, anayambira mu bandi ya Sounds Pentagon yoimba nyimbo zachizungu asanatchuke ndi nyimbo za chikhalidwe chathu. Kumbukiraninso kuti inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene lamulo la 1968 linkapatsa boma mphamvu younika nyimbo ndi zisudzo, ndipo malamulo a kavalidwe a 1973 ankaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali. Mnyamata woimba rock m'nyengo imeneyo ankafunika kulimba mtima, ndipo zimene ankalankhula pakati pa nyimbo, mayina amene ankatchula ndi mmene anthu ankamuyankhira ndi umboni wa moyo wa mzinda uno umene sunalembedwe m'mabuku. Phokoso limene likukudandaulitsani ndilo mbali ina ya umboniwo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nyengo yathu ya Mzuzu. Chinyezi ndi nkhungu za kuno zimachititsa kuti tepi ichite nguwi ndi kumatirirana, choncho musathamangire kuiika m'wailesi yakale imene ingaitafune. Yambani mwayang'ana ngati pali zoyerayera m'mbali mwa tepi ndiponso ngati kathonje kamene kamakhala pansi pa tepi, pakati pa kaseti, kakadalipo, kenaka muizungulize pang'onopang'ono ndi cholembera kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Ikayenda bwino, pezani munthu wa situdiyo amene ali ndi makina a kaseti osamalidwa, kuti aiseweretse kamodzi kokha uku akukopera nyimbozo pa kompyuta. Mumuuze asunge mu WAV, mtundu wa fayilo umene umasunga mawu onse mmene alili, osati MP3 yokha imene imataya mbali ina ya mawu, ndipo asachotse phokoso lililonse pa kope loyambalo. Akafuna kukonza mawu akonze pa kope lina. Musadalire WhatsApp posungira, chifukwa foni ikatayika zonse zimapita nayo. Makasetiwo muwaike choimika m'bokosi louma, kutali ndi masipika ndi dzuwa.

Ntchito ina imene simuyenera kuichedwetsa ndi yofunafuna anzawo a amalume amene akadali moyo. Mumvetsere nawo nyimbozo, akuuzeni amene ankaimba besi, amene anali pa ng'oma, holo yake ndi chaka chake, ndipo zonsezo muzilembe. Mupemphenso chilolezo chawo ndi cha mabanja a amene anamwalira musanaike nyimbozo pa intaneti, ndipo ngati zina anapeka okha, a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, angakulangizeni za umwini wake.