Opaleshoni ya masayinasi imathandiza mphumu, koma inhela musataye

Mayi, mwafunsa ngati bambo akunyumba kwanu, amene avutika zaka zambiri ndi masayinasi pamodzi ndi mphumu, adzasiye inhela, kachipangizo kopumira mankhwala a mphumu, akapangidwa opaleshoni ya m'mphuno. Pepani kwambiri ndi matendawa. Ndikuuzeni mosabisa: ambiri amapezadi bwino, koma mphumuyo siitheratu.

Masayinasi ndi timapanga ta mpweya m'mafupa a nkhope: m'masaya, pachipumi, pakati pa maso ndi kuseri kwa mphuno. Mphuno ikakhala yotseka, mamina osaleka, nkhope ikulemera, fungo osalimva, mpaka milungu 12 kapena kupitirira, madokotala amati matendawo akhazikika. Tsono kuchokera kumphuno kukafika kumapapo njira ndi imodzi, ndipo kutupa kukayamba kumtunda, kumunsi nakonso sikukhala pamtendere. Mphuno ndi imene imasefa fumbi, kufunditsa mpweya ndi kuunyowetsa. Ikatseka munthu amagona kukamwa kuli yasa, mpweya wozizira ndi wouma n'kumalowa m'chifuwa osasefedwa. Muwaone usiku: mamina akutsikira kukhosi, iwo tsokomo tsokomo, m'bandakucha m'chifuwa mukulira ngati kamluzu, dzanja likufufuza inhela pansi pa pilo.

Opaleshoni yake masiku ano sang'amba nkhope. Amalowetsa kakamera kudzera m'mphuno, n'kukulitsa timakomo ta masayinasi ndi kuchotsa tinyama tomera mkatimo. Akatero, odwala ambiri a mphumu amagona bwino, kubanika kumabwera patalipatali, mapiritsi ochepetsa kutupa a prednisolone samwa kawirikawiri, ndipo kugonekedwa m'chipatala kumachepa. Koma akawauziritsa m'makina a spirometry, amene amayeza mpweya umene munthu angatulutse mwamphamvu pa sekondi imodzi yoyamba, manambala nthawi zambiri sasintha kwenikweni. Apa m'pamene pandidetsa nkhawa. Munthu akamva kupepukidwa amaganiza kuti wachira, amasiya inhela yoteteza ija, chonsecho timachubu ta m'mapapo tikadali totupa. Tsiku lina fumbi kapena chimfine chabe, mphumu n'kumugwetsa koopsa.

Chinanso, afunseni ngati anabanikapo atamwa aspirin, ibuprofen kapena diclofenac. Pali anthu amene amakhala ndi zitatu pamodzi, mphumu, tinyama ta m'mphuno ndi kudana ndi mankhwala amenewa, vuto limene Max Samter ndi Ray Beers analilongosola mu 1968. Kwa otere tinyamato timameranso msanga, ndipo mankhwala opha ululu akatha opaleshoni ayenera kusankhidwa mosamala. Adokotala auzidwe zimenezi lisanafike tsikulo. Wogonetsa tulo nayenso adziwe za mphumuyo, chifukwa imayenera kuyamba yachepa mphamvu kaye asanapangidwe opaleshoni.

Akatuluka ntchito ikadalipo. Mankhwala opopera m'mphuno azipitiriza monga awauzira, popeza tsopano njira yatseguka ndipo amafika pamene kale sankafika. Kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere kumathandiza kwambiri, koma madziwo akhale owiritsa n'kuzizira, osati ongotunga. Fodya ndi utsi atalikirane nazo. Inhela achepetse pokhapokha adokotala atawayeza n'kunena okha.

Ngati chifuwa chikubwera ndi magazi, kuonda kapena thukuta la usiku, musanamizire masayinasi, akayezetse makhololo msanga.