Dzina langa lili ku CRB, kodi ndilipire kuti alifufute?

Funso: Ndimagulitsa zitenje ku Limbe. Ndinapempha ngongole ya K2 miliyoni ku banki kuti ndionjezere mpamba, koma anandikaniza ponena kuti mbiri yanga ku CRB, kumabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, si yabwino. Ine sindinalepherepo kubweza ngongole yanga. Inavuta ndi ya K400,000 yomwe ndinatengera alamu anga chaka chatha, ndipo iwowo anasiya kubweza miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Mnyamata wina akuti ndimupatse K50,000 akafufutitse dzina langa. Ndimupatse?

Yankho: Mayi, K50,000 imeneyo musaitulutse. Mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga TransUnion ndi Credit Data, amagwira ntchito motsatira lamulo la mu 2010 ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Iwo sakaniza munthu ngongole, komanso sapeka nkhani. Amangosunga zimene mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama awatumizira, zabwino ndi zoipa zomwe. Chimene chimakonzedwa ndi chimene chinalembedwa molakwika, ndipo njira yake ndi kalata yodandaula yochokera kwa inu mwini, osati mnyamata wa pakhonde la banki.

Koma chandigwira mtima m'kalata yanu ndi mawu akuti "ngongole ya alamu". Mawu amenewa ndawawerenga kambirimbiri, nthawi zina amakhala "ya achimwene", nthawi zina "ya apongozi", ndipo yankho langa silisintha: ngongole imeneyo ndi yanu. Pa fomu munasaina ndinu, chiphaso chaunzika chimene anajambula ndi chanu, ndipo obwereketsawo alamu anu sawadziwa n'komwe. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo ine sindikutsutsa. Chimene ndimakana n'chakuti m'bale amene banki sinamukhulupirire kuti angabweze, inu mumubwereke dzina lanu popanda ngakhale kapepala kolemberana pamaso pa mboni. Munachita izi chifukwa cha mtima wabwino, ndikudziwa, koma amene akulephera kuoda zitenje lero ndinu, pamene alamuwo akugona tulo.

Tiwerengere mwachidule. Tinene kuti pa K400,000 ija panatsala K300,000, ndipo chiwongoladzanja ndi K5 pa K100 iliyonse pa mwezi. Imeneyo ndi K15,000 mwezi uliwonse, kutanthauza K90,000 pa miyezi isanu ndi umodzi, tisanaikepo zilango za kuchedwa. Ngongoleyo yabwerera pafupifupi pamene inayambira, ndipo K50,000 ya mnyamata uja ikanalipira chiwongoladzanja cha miyezi itatu.

Musaganizenso kuti tsiku lomwe mudzamalize kubweza mbiriyo idzayera ngati pepala latsopano. Idzaonetsa kuti munachedwa, kenako munamaliza, ndipo zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi ngongole yothawidwa pamaso pa wobwereketsa aliyense. Ngakhale amene amanyadira kuti sanabwerekepo ku banki kapena ku mabungwe ena obwereketsa ndalama alibe mbiri yabwino, alibe mbiri konse, chifukwa zimene munthu amabweza mokhulupirika ku banki m'khonde kawirikawiri zimathera m'kope la gululo.

Pitani kwa amene anakubwereketsani, akupatseni sitetimenti yosonyeza zotsala, ndipo mugwirizane nawo polemba kabwezedwe kamene mungakwanitse. Mukamaliza, mutenge kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, kenako mukapemphe lipoti lanu ku CRB kuti muone ngati zalowa. Nkhani ya alamuyo ikakambidwe pamaso pa akuluakulu a kubanja, sitetimenti ija ili m'manja mwanu.